Khosi la Nambala Wani

Nambala Wani anabedwa Lolemba masana, dzuwa likuswa mtengo, tsiku limene myuziyamu imakhala yotseka. Wakubayo sanathyole loko ndipo sanakwere mpanda. Analowa m'chipinda choyamba, anachita zake, n'kutulukira khomo lakumbuyo. Palibe anamuona. Kamera ya m'chipindamo inafa kalekale, ntchito imene inatsala nayo inali yosunga kangaude.

Amene anatulukira zakubazi ndi Mayi Zidutswa, Lachiwiri, 7 koloko m'mawa itangopitirira. Dzinali linachokera ku ntchito yawo. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi akhala akumata mapale ofukulidwa pansi, mpaka mphika umene unasweka makolo athu asanabadwe uimenso pawokha. Asanalowe m'kachipinda kawo kogwiriramo ntchito, ankayamba apita kukapereka moni kwa Nambala Wani. Tsiku limeneli moni unawathera pakhosi. Galasi la kabati linali mbwee pansi. Pa kampando kachitsulo pamene Nambala Wani ankakhala panalibe kanthu.

"Achimwene!" anakuwa. "Achimwene, thamangani kuno!"

Achimwene awo, amene aliyense ankawatcha a Makiyi, anafika mtolo wa makiyi ukulira m'chiuno. Anali apachipata pamyuziyamupo kwa zaka makumi anayi, ndipo kunatsala masabata atatu okha kuti apume pantchito. Ataona kabatiyo anavula chipewa, n'kukhala pansi pomwepo.

Nambala Wani ndi kachifanizo kadothi, mayi wokhala pansi manja ali pamaondo, mkanda wadothi uli m'khosi. Msinkhu wake ndi kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Akatswiri amati ali ndi zaka chikwi. Amene anamufukula ndi bambo awo a Makiyi ndi Mayi Zidutswa, munthu wokumba misewu, zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo. Kapitawo anati ataye, ndi chidole cha ana. Iwo anamukulunga m'malaya n'kupita naye kwa mphunzitsi wina wokonda zakale. Mphunzitsiyo anapempha kachipinda kuseri kwa positi ofesi, anaikamo tebulo, n'kuyalapo zinthu zisanu ndi ziwiri. M'buku lolembamo katundu kamayi kadothi kanakhala koyamba, dzina n'kumera pomwepo. Bambo aja anakana kubwerera kumsewu. Anati sangasiye mlendo wawo yekha, ndipo mphunzitsi atatopa nawo anangowalemba ntchito yosesa.

Kuchokera apo myuziyamu inakula ngati mwana wodya bwino. Boma linaipatsa nyumba yakale ya khoti. Anthu anayamba kubweretsa makasu a makolo awo, ng'oma, maukonde, mikanda, wina mpaka ngolo yathunthu. Ofukula pansi anabwera ndi mabokosi a mapale ndi mivi yamiyala. Kenako anamanga nyumba yosanja yokhala ndi chikepe chimene chimayenda chikafuna chokha. A Makiyi ndi mlongo wawo anakulira mmenemo, akuthamangitsana pakati pa makabati. Kwa iwo Nambala Wani sanali katundu wa boma. Anali ngati azakhali awo osalankhula.

Apolisi anafika 8 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Anali Insipekitala, bambo wamtali wolankhula mosathamanga, ndi Sajeni, mayi wa kabuku m'manja amene mawu ankachita kuwaumira. Insipekitala anayang'ana a Makiyi kwa kanthawi.

"Inu simunandikoke khutu ine? Ndili kupulayimale, nditagwira galasi lomweli?"

"Ngati munagwira galasi, ndinakukokani," anatero a Makiyi.

Insipekitala anaseka, koma kuseka kwake sikunakhalitse. Khomo lakumbuyo analipeza losakhoma, loko ali bwinobwino. Pa kabati panalibe chidindo cha chala ngakhale chimodzi.

"Kiyi wa khomo ili amasunga ndani?"

"Ine."

"Winanso?"

"Palibe."

"Dzulo munali ndi yani muno?"

"Ndekha. Lolemba antchito sabwera."

Sajeni anatuluka, n'kubwerako patapita mphindi khumi. Mayi wogulitsa zipatso kutsidya kwa msewu anamuuza kuti dzulo lake, cha m'ma 1 koloko, anapita pachipata kukapatsa a Makiyi nthochi monga amachitira. Kachitseko kakang'ono kanali kongotseka osakhoma. Anaitana katatu, koma kunali zii.

"Nthawi imeneyo munali kuti, bambo?" anafunsa Insipekitala.

"Ndinali pantchito."

"Pati penipeni?"

A Makiyi anayang'ana chipewa chawo.

"Achimwene, yankhani," anatero Mayi Zidutswa.

A Makiyi anangotembenuza chipewacho m'manja.

Bwana Mkulu wa myuziyamu anali atafika, thukuta lili kamukamu mu suti. Iye nkhawa yake inali pa mwambo wokumbukira zaka makumi asanu ndi limodzi za myuziyamu, umene unali mwezi wamawa, ndi alendo amene anali atawaitana kale. "Mutengeni akayankhe komweko," anatero.

Amene anaimirira kumbali ya a Makiyi ndi Dokotala, mkulu woyang'anira zoonetsa. "Bwana, a Makiyi sangabe ngakhale choko," anatero. Kenako anagwira phewa la Mayi Zidutswa. "Amayi, musadandaule. Zitha izi."

Dokotala ankawatcha amayi, ndipo sikunali kungolemekeza. Anabwera pamyuziyamupo zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo ngati wosesa, nsapato zake zikuseka. Mayi Zidutswa, amene Mulungu sanawapatse mwana, anaona mmene ankanyamulira zinthu, n'kumukokera m'kachipinda kawo. Anamuphunzitsa kugwira phale, kusakaniza guluu, kudikira. Anavutitsa mabwana mpaka anamutumiza kusukulu. Tsiku limene anabwerako ndi udokotala wa zakale, iwo anavina pakati pa chipinda cha ng'oma, mwamuna wawo malemu akuwaletsa.

Pofika 11 koloko a Makiyi anali atakwera galimoto ya polisi. Mtolo wa makiyi unatsala patebulo la Bwana Mkulu.

Madzulo, cha m'ma 3 koloko, apolisi analola kuti m'chipindamo museseredwe. Mayi Zidutswa anakana kuti wina agwire tsache. Anatola magalasi okha, atagwada. Ali mkati motola, anayang'ana kampando kachitsulo kaja. Nambala Wani ankagwiridwa m'chiuno ndi kalamba kachitsulo komangidwa ndi timasikuluwu tinayi. Kalambako kanali kosapindika, kopanda ndi kokanda komwe. Wakuba wa mumsewu akanangozula. Uyu anachita kumasula.

Dzanja lawo linapita lokha kunsi kwa shelefu, mbali ya kumanzere. Linakhudza pepala. Anawerama n'kusuzumira. Kunali kaenvulopu kakang'ono, komatidwa ndi selotepi, nsonga ya selotepiyo itapindidwa kuti isadzavute pomatula. Anakakhudza ndi chala kunja kwake. Timasikuluwu tinayi tinali momwemo.

 Lamulo limeneli silinalembedwe m'buku lililonse. Linali lawo. Ukachotsa chinthu m'kabati, timasikuluwu take ika m'kaenvulopu, mata kunsi kwa shelefu kumanzere, pinda nsonga ya selotepi, kuti tsiku lobwezera usadzavutike. Anthu amene anawaphunzitsa zimenezi anali atatu okha. Mmodzi anamwalira. Wina anakwatiwa kutali zaka khumi zapitazo. Wachitatu ndi amene anawagwira phewa m'mawa.

Madzi saiwala khwawa. Munthu anavala magolovesi, anaswa galasi kuti zioneke ngati za achifwamba, anasiya khomo losakhoma, koma manja ake anachita zimene anazolowera mwini wake asakudziwa.

Mayi Zidutswa anakasiya kaenvulopuko pomwepo. Anamaliza kusesa, anatsuka m'manja, n'kupita kwawo osauza munthu. Mtima unkawawawa kwambiri, ndipo ankadzinamiza kuti mwina pali tanthauzo lina limene iwo sakuliona.

Lachitatu, 9 koloko m'mawa, anali kupolisi. Anawalola kuona achimwene awo kwa mphindi khumi. A Makiyi anatuluka m'chitokosi atagwira buluku ndi dzanja limodzi, poti lamba anawalanda. Ankayenda mopendekera, ngati kuti thupi likufunafuna kulemera kwa makiyi. Tsiku limodzi lokha linawakalambitsa.

"Akuti Lachisanu ndikaonekera kukhoti," anatero.

"Ndiye muzingokhala chete mpaka kundende? Munali kuti Lolemba?"

A Makiyi anayang'ana wapolisi wa pakhomo, n'kutsitsa mawu. "Ulumbire kaye."

"Achimwene, ndine wamkulu ine."

"Ndinali m'ngolo."

"M'ngolo iti?"

"Ngolo ilipo ingati? Ya m'chipinda cha zoyendera."

"Mumatani m'ngolo?"

"Ndimagona. Lolemba lililonse, ola limodzi lokha. Mmene muja mumazizira bwino, ndipo msana umawongoka."

Mayi Zidutswa anafuna kuseka, anafunanso kulira. "Inu? Inu amene mwatha zaka makumi anayi mukukalipira ana kuti osakhudza?"

"N'chifukwa chake sindinganene. Theka la tauni ino ndinalikoka makutu. Amve kuti ndimaliza mkonono m'katundu nambala 212? Bola kundende."

"Makiyi mumaika pati mukamagona?"

"Pamsomali wa pachitseko. Amandibaya m'nthiti."

"Akudziwa zimenezi ndani?"

"Palibe. Kupatula mwana wako uja. Anandipeza chaka chatha, anaseka mpaka misozi, n'kulonjeza kuti sadzauza munthu. Ndi mwana wabwino ameneyo."

 Mayi Zidutswa anayang'ana dzanja la achimwene awo logwira buluku. Dzanja lomwelo linkawagwira powaolotsa msewu popita kuseri kwa positi ofesi. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, inde, koma chibale ndi fupa, sichiola. Atatuluka mmenemo sanalowere kuchipata. Anafunsa kumene kunali ofesi ya Insipekitala.

Insipekitala anamvetsera osawadula mawu. Atamaliza, anakanda kumutu.

"Mayi, ndakumvani. Koma kaenvulopu sikangamange munthu. Loya adzati wakubayo anali waukhondo basi. Ndikufuna katunduyo, ali m'manja mwake."

"Kafufuzeni kunyumba kwake."

"Munthu wophunzira chonchija sangasunge kunyumba. Tikapita n'kusapeza kanthu, tamuchenjeza. Mawa lake katundu wadutsa malire."

 Mayi Zidutswa ankadziwa njira imodzi, koma inali yodutsa pamanda a bambo awo.

"Mawa 9 koloko kuli msonkhano wa antchito onse," anatero. "A Sajeni akadikire panja, asavale yunifolomu. Ine ndikanena mawu amene ndinalumbira kuti sindidzanena. Dokotala akatuluka, amutsatire."

"Mukutsimikiza kuti atuluka?"

"Ndinamulera ndine."

Lachinayi kunacha kotentha kuposa masiku onse. Antchito makumi awiri anadzazana m'chipinda cha misonkhano, akudzikupiza ndi mapepala. Bwana Mkulu analankhula kwa theka la ola za mbiri yabwino ya myuziyamu ndi zimene atolankhani sayenera kumva. Dokotala anakhala kumanja kwake, akulemba m'kabuku. Atafunsa ngati pali wina wa mawu, Mayi Zidutswa anaimirira.

"Ndili ndi chinsinsi cha bambo anga," anatero. "Nambala Wani ndi wothyoka khosi."

Maso onse anatembenukira kwa iwo.

"Tsiku limene anamufukula, khasu linamutema. Mutu unagwera uko, thupi uko. Bambo anachita mantha kuti mphunzitsi akana chinthu chothyoka. Anapempha guluu kwa kalipentala, anamata, n'kupaka fumbi la dothi kunsi kwa mkanda uja. Mphunzitsi anamwalira osadziwa. Akatswiri onse amene anabwera ndi magalasi awo sanaone. Ine anandiuza ali pafupi kutisiya, n'kundilumbiritsa. N'chifukwa chake ndinkakana kuti achoke m'chipinda choyamba chija, chozizira bwino, ndipo ndinkamunyamula ndekha."

Bwana Mkulu anatsegula pakamwa. "Ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikuonetsa anthu katundu womata?"

"Bwana, theka la nyumba ino ndi lomata. Mumandilipira chiyani ine?"

Ena anaseka chamumtima. Mayi Zidutswa anapitiriza.

"Ndikunena izi chifukwa guluu wa kalipentala sapirira kutentha. Ngati amene anamutengayo wamuika m'galimoto kapena m'nyumba ya malata, lero ndi tsiku lachitatu. Mutu ugwa. Ukagwa, m'mphepete mwa khosi muyoyoka, ndipo palibe adzathe kubwezeretsa, ngakhale ine. Ndangoti ndinene, kuti mudziwe chimene tikutaya."

Sanamuyang'ane Dokotala. Koma m'ngodya ya diso anaona kuti cholembera chake chasiya kuyenda.

Msonkhano unatha 10 koloko. Mayi Zidutswa anapita kukamwa tiyi, n'kusiya dala kachipinda kawo kosakhoma. Tiyiyo sanamumve kukoma. Ankapemphera kuti akabwerera akapeze zonse zili m'malo mwake, kuti akhale kuti analakwitsa, kuti Insipekitala awaseke. Atabwerera, pa shelefu yachiwiri panasowa kabotolo ka guluu wabwino ndi kabulashi kamodzi. Anakhala pampando n'kugwira kumaso.

Itakwana hafu pasiti 10, Dokotala anatuluka pachipata n'kuimitsa takisi. Sajeni, atavala diresi la maluwa, analiza njinga yamoto n'kutsatira. 11 koloko itangodutsa, foni ya Insipekitala inalira. Woimba anali Sajeni. Insipekitala anali atadikira kale pakona ndi galimoto yopanda chizindikiro.

"Kwerani, mayi," anatero kwa Mayi Zidutswa. "Ife katundu wotere sitidziwa kagwiridwe kake."

Anadutsa msika, anadutsa pokwerera mabasi, n'kulowa msewu wa akalipentala ndi owotcherera zitsulo. Sajeni anawaimitsa pa shopu yopanga mafelemu a zithunzi. Analoza kanjira kolowera kuseri.

"Chipinda chachitatu. Anachita lendi mwezi watha. Walowa theka la ola lapitalo."

Chinali chipinda cha malata, chopanda siling'i. Chitseko chinali chosakhoma. Insipekitala anachikankha ndi phazi. Kutentha kunawamenya kumaso ngati atsegula uvuni.

Dokotala anali atakhala pansi pasimenti, jekete ataponya uko. Pambali pake panali bokosi lamatabwa loyalidwa mapepala oyera ofewa, kabotolo ka guluu kotsegula, ndi kabulashi. Nambala Wani anali pakati pa maondo ake. Manja ake onse awiri anali atagwira mutu, kuukanikizira pakhosi. Kumbuyo kwake kunali windo lalikulu lotsegula, loyang'ana kanjira kena. Mapazi awo anawamva akubwera, ndipo mpata wothawa unalipo. Koma kuti athawe anafunika kusiya.

"Musandigwedeze," anatero osatukula mutu. "Chonde, musandigwedeze."

"A Dokotala, ndakumangani pa mlandu wakuba," anatero Insipekitala. "Imirirani, manja kumbuyo."

"Ayi," anatero Mayi Zidutswa. "Akasiya tsopano mutu ugwa."

"Mpaka liti?"

"Wapaka nthawi yanji, iwe?"

"Pompano, amayi. Nditangotsegula bokosi ndinapeza wayamba kale kupendama. Ndachotsa wakale uja, ndapaka wathu."

"Mphindi makumi awiri," anatero Mayi Zidutswa kwa Insipekitala.

Insipekitala anayang'ana wotchi yake, anayang'ana unyolo umene unali m'manja mwake, n'kupuma mozama. Anakoka chitini cha penti n'kukhalapo. Sajeni anakaima pawindo.

Mayi Zidutswa anagwada patsogolo pa Dokotala. Anavala magalasi awo n'kusuzumira kunsi kwa mkanda.

"Wapendeketsa. Kumanzere pang'ono."

"Apa?"

"Pang'ononso. Basi. Usakanikize kwambiri, si thumba la simenti limenelo."

Anaika zala zawo ziwiri kumbuyo kwa khosi, kuthandizira. Mitu yawo inatsala pang'ono kugundana, monga zinkakhalira m'kachipinda kaja zaka zonsezo. Thukuta linkatsika pamphuno ya Dokotala. Mayi Zidutswa analipukuta ndi nsonga ya mpango wawo kuti lisadonthere padothi.

"Chifukwa chiyani, mwananga?"

Dokotala anayankha maso ali pakhosi la kachifanizo. "Kuli munthu wina wakunja, wosonkhanitsa zakale. Anati akamumangira chipinda chakechake, ine n'kundipatsa ntchito yomusamalira. Amabwera kudzamutenga Loweruka." Mawu ake ananjenjemera, koma manja ayi. "Kawiri konse andidumpha pa udindo, amayi. Kawiri. N'kuika munthu wosadziwa kusiyanitsa phale ndi chidutswa cha paipi. Kamera inafa, denga likudontha, ndikalemba kalata palibe amayankha. Ndinati bola apite kumene akamusamale."

"Ndiye unayamba ndi kumuika m'ng'anjo muno?"

Dokotala anangokonza kagwiridwe ka zala zake.

"Nanga achimwene?"

"Ndimaganiza kuti angowakalipira kuti anaiwala kukhoma. Sindimadziwa kuti awatsekera."

"Agona pasimenti masiku awiri. Unali nazo nthawi zonsezo zoti ukanene."

"Ndinachita mantha, amayi."

"Anandiuza dzulo kuti ndiwe mwana wabwino."

Apa misozi inayamba kutsika, ndipo analibe dzanja loipukutira. Mayi Zidutswa anaipukutanso ndi mpango womwe uja. Anali okwiya, ndipo ankamukondabe, zonse ziwiri nthawi imodzi, moti sankadziwa kuti chikuwawawa kwambiri ndi chiti.

Insipekitala anatulutsa foni. "Mkulu uja wa kumyuziyamu mutulutseni," anatero. "Mum'bwezere lamba wake, mum'patse tiyi. Mumuuze kuti wokokedwa khutu uja akupepesa." Anadula foni n'kuyang'ananso wotchi. "Zatsala khumi."

"Chinandigwiritsa n'chiyani?" anafunsa Dokotala motsitsa mawu.

"Timasikuluwu."

"Timasikuluwu?"

"M'kaenvulopu, kunsi kwa shelefu, kumanzere. Mpaka selotepi unapinda nsonga."

Dokotala anatseka maso. Anatulutsa kaphokoso kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira. "Sindikukumbuka n'komwe kuti ndinatero."

"Ndikudziwa."

"Zakhosi zija ndinaganiza kuti mwina mukunditchera msampha. Ndinaganiza ndithu, ndili mu takisi."

"Nanga unabwereranji?"

"Ndinati, bwanji ngati n'zoona?"

 Kunja owotcherera ankamenya zitsulo. Malata ankalira ndi dzuwa. Sajeni anatola katoni pansi n'kuyamba kuwakupiza atatu onsewo, mayi, wakuba ndi kachifanizo.

"Nthawi yakwana," anatero Insipekitala, akuimirira.

Mayi Zidutswa anachotsa zala zawo pang'onopang'ono. Anasuzumira mbali iyi, anasuzumira mbali inayo. Mzere sunkaoneka. Inali ntchito yabwino, yoposa ya bambo awo, mwinanso yoposa yawo.

"Siya tsopano," anatero.

"Sanagwire, amayi. Tidikire pang'ono."

"Wagwira."

"Mphindi zisanu zokha."

Iwo anadziwa kuti sakunena za guluu. Anaika manja awo pamwamba pa manja ake, n'kuyamba kumasula zala zake chimodzichimodzi.

"Wagwira, mwananga. Siya."

Dokotala anasiya. Mutu wa Nambala Wani unaima chilili. Mayi Zidutswa anamunyamula n'kumufungatira pachifuwa, ndipo sanatembenuke pamene unyolo unalira kumbuyo kwawo.